Ilala ndiye njira yokaonera midzi ya kunyanja, ndemanga yanga kwa ofuna holide

Anthu ambiri kuno kwathu ukangotchula holide ya kunyanja maganizo amathamangira ku Mangochi kapena Senga Bay basi, kufika pa loji Lachisanu madzulo, Loweruka kujambulitsa mmadzi ofika mmaondo, Lamulungu masana galimoto yayang'ana kutauni. Sizoipa ayi, nanenso ndimapitako. Koma nyanja yathuyi kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 580 ndipo midzi yomwe ine inandigwira mtima kwambiri ili kumene minibasi siifika, kwinako ngakhale njinga yamoto siifika, nde kuti ukaione pamafunika sitima ndipo sitima yake ndi Ilala. Ndakwerapo kangapo, pena ndekha pena ndi akazi anga ndi ana, ndipo anzanga akhala akundifunsa mafunso omwewomwewo, kodi nzoyenera ndalama zake, kodi ana angapirire, kodi munthu amatsika pati nanga akagona kuti. Ndaona kuti bola ndingolemba kamodzi. Ine ndikuti kwerani, ndipo musangokwera nkumaonera midzi muli pamwamba pa deki, tsikani mukagoneko, mudye zomwe eni ake akudya.

Sitimayi ndiyakale zedi. Inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotland kufupi ndi Glasgow, anaibweretsa ili zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique nkudzailumikiza konkuno, ndipo inayamba kunyamula anthu mu 1951, werengani nokha zaka zomwe yakhala ikung'amba nyanjayi. Inabwera patangopita zaka zochepa chimirire sitima ya Vipya mu 1946 kumpoto uko cha ku Chilumba, ngozi yomwe inatenga miyoyo 145, nde mukaona oyendetsa Ilala akusamala kwambiri nyanja ikakwiya musamawaone ngati amantha, madzi amenewa ali ndi mbiri yake. Kwa zaka zambiri dongosolo lake lakhala loti imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu nkumaima mmadoko mpaka kukafika ku Chilumba, kenako kutembenuka kudzera momwemo kubwerera kummwera, ikamafikanso ku Monkey Bay sabata ili pakati. Dongosololi limatha kusintha malinga ndi nyengo, katundu, komanso nthawi yomwe sitima ili ku sevisi, nde musanapemphe tchuthi kuntchito imbani kaye foni ku ofesi yawo kapena funsani wina wa ku Nkhata Bay kaya ku Likoma, kumeneko ngakhale mwana wa pulayimale amadziwa tsiku la sitima.

Za makalasi tsopano, chifukwa ulendo wanu wonse wagona pa tikiti yomwe mugule. Pansi penipeni ndi ikonome, yotchipa kuposa onse, ndipo kumeneko ndi kumene kuli moyo weniweni wa sitimayi, matumba a ufa, masaka a usipa wouma, malata, simenti, makireti a zakumwa, njinga, matiresi atsopano ali mmapepala mwake, nkhuku mmadengu, anthu kukhala pamwamba pa katundu wawo kuti asasowe. Anthu amenewa sali pa holide ayi, ku Likoma nthaka ndi yamchenga ndi miyala chimanga sichikwanira nde ufa, shuga, sopo ngakhale zomangira nyumba zimachokera kumtunda, Ilala ikachedwa mitengo ya zinthu pachilumba imamva. Ngati ulendo wanu ndi waufupi wamasana ikonome ilibe vuto ndipo mucheza ndi anthu mpaka kuiwala nthawi, koma kugonamo usiku ndi ana aang'ono ine sindingakulangizeni, kumatentha komanso fungo la nsomba ndi injini limakhala lamphamvu. Pamwamba pake pali sekondi kilasi ya mabenchi ndi matebulo, yabwinoko. Kenako deki ya pamwamba ya fesiti kilasi, poyera, pali bala ndi mthunzi, mphepo ikuomba bwinobwino, usiku umabwereka matiresi nkuyala pomwepo. Makabini aliponso a mabedi kwa amene thumba lawo lilola koma ndi ochepa. Ine pa onsewa ndimasankha deki, chifukwa kabini umalipira zambiri koma umapezeka tsiku lonse wakhala padeki pomwepo, kuchipinda umangopita kukagona.

Chomwe chimandipweteka mtima padeki paja nchoti nthawi zambiri ukayang'ana anthu omwe akwera kuti aone dziko, ambiri ndi alendo akunja, a ku Germany, a ku Holland, ena achokera ku Tanzania ndi zikwama zawo kumsana, eni dziko owerengeka, ndipo owerengekawo ambiri ali pa ulendo wa ntchito. Anthu amalipira ndege kuchokera kutali kudzaona zomwe ife tingazifikire ndi basi imodzi. Timasunga ndalama chaka chonse kuti tikagule zovala ku Johannesburg kaya ku Dar es Salaam koma Ruarwe sitikudziwa kuti ili boma liti. Ili mu Nkhata Bay.

Chakudya mu sitima chilipo, simufa ndi njala. Kumtunda kuli chipinda chodyera komwe umapeza nsima kapena mpunga ndi nkhuku, nyama, nyemba, pena nsomba, mmawa tiyi ndi buledi ndi mazira, ndipo kumunsi kuli kantini yotchipa ya nsima ya anthu onse. Si zakudya za mahotela a nyenyezi ayi, ndi zakudya za pakhomo zotentha, ndipo ine zinandikwanira. Komabe tengani madzi akumwa okwanira, mabisiketi ndi zipatso za ana chifukwa pamadzi njala imabwera nthawi yomwe kukhitchini atseka.

Ogwira ntchito musitimamu ndiwapatsa ulemu wawo wonse, makamaka anyamata a maboti. Midzi yambiri ilibe jete, sitima imaponya nangula chapatali nkutsitsa maboti ake a injini omwe amakhala atapachikidwa mmbali, ndipo maboti amenewo ndi amene amatuta anthu ndi katundu kupita kugombe nkubwerera, maulendo ambirimbiri mpaka onse athe. Ndinaonera zimenezi usiku pa Chizumulu ndili pamwamba, nyali za sitima zikuwala pamadzi, mabwato a eni mudzi azungulira mbali zonse ena akugulitsa nsomba ena abwera kudzalandira abale, boti likukwera nkutsika ndi mafunde pafupi ndi makwerero, nde panali mayi wina ali ndi khanda kumbuyo, mmanja chidebe, akuzengereza kuponda. Mnyamata wa boti anangoti, amayi masulani mwanayo mundipatse kaye, inu gwirani apa ndi manja onse, ndikati pondani mupondedi. Anadikira funde likweze boti nkukuwa kuti tsopano mayi, mayi aja anaponda, wina anawagwira mkono, khanda linadutsa mmanja mwa anthu angapo osadziwana nkukafika kwa mayi ake lili mtulo. Pambuyo pake anatsitsa makina osokera omangidwa mu chitenje, kenako matumba a simenti limodzilimodzi, mnyamata yemwe uja thukuta lili kamukamu pakati pa usiku. Ndi chifukwa chake sitima imatha kukhala padoko limodzi maola ambiri, ndipo ukaona ntchito yake ndi maso sungafunsenso kuti tinyamuka nthawi yanji.

Konzekerani kunyowa. Boti silifika pouma penipeni nthawi zonse, pena umatsikira mmadzi ofika mmaondo kaya mchiuno, nde valani kabudula kapena chitenje ndi masilipasi, foni ndi ndalama muzikulunge mu jumbo nkuika pamwamba mchikwama, ndipo chikwama chikhale chonyamula kumsana, masutikesi a matayala aja asiyeni kunyumba. Anyamata a pagombe amanyamula katundu ngakhale anthu pamapewa nkuwapatsa kangachepe, gwirizanani mtengo asanakunyamuleni.

Midzi tsopano. Monkey Bay ndi poyambira chabe koma ngati mwafika tsiku lisanakwane pitani mukagone ku Chembe, ku Cape Maclear, mudzi wa asodzi womwe uli mkati mwa Lake Malawi National Park, paki yomwe UNESCO inailemba pa malo ofunika a dziko lonse mu 1984 chifukwa cha tinsomba ta mbuna. Kumeneko ndi kumene amishoni a ku Scotland anayamba Livingstonia yoyamba mu 1875 malungo asanawasamutse, manda awo alipobe. Chembe anthu ambiri amaidziwa kale nde sinditaya nthawi. Nkhotakota nayo mutha kuifikira pa msewu wa M5 koma kuionera kuchokera pamadzi nkosiyana, umamvetsa chifukwa chake a Jumbe anasankha malo amenewa kukhala doko loolotsera akapolo ndi minyanga kupita tsidya lija, ndipo mtengo wa mkuyu womwe David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe mu 1863 ukadalipo ku mishoni ya Anglican. Mpunga wa ku Nkhotakota gulani, simunong'oneza bondo.

Koma mtima wa ulendowu ndi Likoma. Chilumbachi ndi chaching'ono, masikweya kilomita pafupifupi 18, chili mmadzi a Mozambique koma ndi cha Malawi pamodzi ndi Chizumulu, ziwirizi ndi boma limodzi palokha, ndipo ukaima pagombe la kummawa mapiri a Mozambique ndi nyumba za ku Cobue umaziona bwinobwino. Chinakhala chathu chifukwa cha amishoni a Anglican a bungwe la UMCA omwe anakhazikika pomwepo mzaka za m'ma 1880. Sitima imaima ku Mbamba, ndipo ukangotsika chomwe umayamba kuona ndi milambe, ili paliponse, pakati pa nyumba, mmbali mwa njira, ina yaikulu yoti anthu angapo agwirane manja kuti aizungulire, ndi mitengo ya mango. Magalimoto ndi owerengeka, anthu amayenda wapansi kapena pa njinga yamoto, ndipo aliyense wokumana naye amakupatsa moni, osati moni wongodutsa ayi, amafunsa mwachokera kuti, mwabwera ndi sitima ya lero, mukufikira kwa ndani. Chinyanja cha kumeneko chili ndi kakomedwe kake, mumvana bwinobwino koma mawu ena mudzafunsa kawiri.

Tchalitchi cha St Peter's ku Chipyela ndakhala ndikuchiona pa zithunzi kuyambira ndili mwana koma nditalowamo miyendo inachita kulemera. Anayamba kumanga mu 1903 nkumaliza mu 1911, pachilumba chopanda msewu, chopanda njanji, zipangizo zambiri kuchita kuoloka nazo nyanja, ndipo malo omwe chinamangidwawo kale ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Mkati muli mawindo a magalasi amitundumitundu, mipando ya kwaya yosemedwa pa mwala wofewa, zipilala zokwera mpaka khosi kuwawa, ndi mtanda wopangidwa ndi mtengo wochokera kwa Chitambo ku Zambia komwe Livingstone anamwalirira, dera lomwelo la Ilala lomwe sitimayi inatengera dzina. Ine si wa Anglican koma ndinapita ku mapemphero a Lamulungu mmawa, amayi a Mothers' Union atavala zoyera ndi zabuluu, ana atakhala pansi kutsogolo, kwaya itayamba nyimbo mawu anadzaza nyumba yonse popanda maikolofoni, mwana wanga wamkazi yemwe kutchalitchi kwathu sakhazikika anangoti zii kugwira mkono wa mayi ake mpaka nyimbo kutha. Titatuluka bambo wina wachikulire wosamalira pamalopo anatitenga kutionetsa manda a amishoni, akutifotokozera za bishopu Chauncy Maples yemwe anamira panyanja mu 1895 ali pa ulendo wobwera ku Likoma komweko kudzayamba ubishopu wake, ndipo anaikidwa ku Nkhotakota. Mukapita musaiwale kusiya kenakake mu bokosi, nyumba ngati imeneyi kuisamalira ndi ndalama zambiri ndipo akhristu a pachilumba si olemera.

Kupatula tchalitchi, Likoma ndi yoyenda wapansi basi. Nyamukani mmawa dzuwa lisanapse, dutsani mmidzi kulowera ku Makulawe kumpoto kapena ku Nkhwazi kummwera, muone asodzi akusoka ukonde wa chilimira pansi pa mtengo, amayi akuyanika utaka ndi usipa pa thandala, chinangwa chonyikidwa chikuuma pamiyala. Nsima ya kumeneko ndi kondowole, ndipo kondowole wotentha ndi utaka waiwisi wophikidwa ndi tomato ndi mchere basi, wogwidwa mbandakucha womwewo, umakupangitsa kudabwa kuti kutauni tija timadya nsomba kapena chiyani. Nthawi ya tchuthi mukachita mwayi mupeza magule, malipenga a azibambo atavala zoyera ndi masokosi aatali akuguba mwadongosolo ndi zipenga za zikho, ndi chioda cha amayi. Madzi a mmagombe a Likoma ndi oyera mbee, pansi umaona mchenga ndi tinsomba tabuluu tikuzungulira miyendo yako. Malo ogona alipo a mitundu yonse, kuyambira maloji odula kwambiri omwe alendo ake amabwera pa ndege chifukwa bwalo la ndege liliponso, mpaka maresiti hausi a anthu wamba pafupi ndi msika. Apa ndichenjezepo, ulendo wina tinafikira pa resiti hausi ina yomwe sindiitchula, pafoni anatilonjeza madzi ndi maneti, kufika usiku titatopa mipope youma, neti yobooka, ndipo mtengo unali utakwera poti aona kuti tili ndi ana sitingayendenso mumdima. Tinasamuka mmawa ndipo komwe tinapita anatilandira bwino kwambiri. Nde ngati nkotheka funsani munthu wa pachilumba akulozereni malo, ndipo mtengo mugwirizane pa meseji kuti ukhale wolembedwa.

Ubwino wa Likoma pa dongosolo la sitima ndi woti mukatsika ikupita kumpoto, imakupezaninso patapita masiku ochepa ikubwerera kummwera, nde holide imakwanira bwinobwino osadikira sabata yathunthu. Kapena mutha kukwerera ku Nkhata Bay ikupita kummwera nkudzabwerera nayo ikamadzadutsanso. Palinso maboti ena oyenda pakati pa Likoma ndi Nkhata Bay masiku ena koma nyanja ya pamenepo ndi yaikulu, ine ndi ana ndimadikira sitima. Chizumulu ndi kachilumba kakang'ono kuposa Likoma, kaphiri pakati, minda ya chinangwa mmbali, kuzungulira wapansi tsiku silitha, ndi koyenera munthu wofuna bata lenileni.

Nkhata Bay ndi tauni osati mudzi, ndipo tsiku la sitima imadzaza, sitima imaimapo nthawi yaitali nde mumakhala ndi mpata wotsika nkukwera mtunda kupita kumsika. Idyani nsomba ya batala yokazinga ndi chinangwa, gulani nthochi zoti mukadye mnjira, mverani Chitonga chikuthamanga mbali zonse, ngati nthawi ilipo tsikirani ku Chikale mukasambe. Koma mukamaima padoko paja kumbukiraninso kuti ndi pomwe pa 3 Malichi 1959 asilikali a boma la atsamunda anaombera anthu omwe anasonkhana kufuna kuti abale awo omangidwa, omwe anatsekeredwa mu sitima ya Mpasa, amasulidwe. Tchuthi cha Martyrs' Day chomwe timangogona kunyumba chija chili ndi magazi a pamalo amenewa, ana anu auzeni ali pomwepo, amamva mosiyana ndi za mkalasi.

Kuchoka Nkhata Bay kupita kumpoto ndi kumene ine ndimati ndalama ya tikiti imabwerera. Mapiri amatsika molunjika mpaka kumadzi, obiriwira, mitsinje ikugwa kuchokera pamwamba, tinyumba tili mmalo moti umadabwa kuti anthu amakwerako bwanji ndi chidebe pamutu, ndipo chigawo chimenechi ndi chomwe nyanja ndi yakuya kwambiri, mamita 700 malo ena, madzi ake abuluu woderako. Usisya ili pa kachigwa ka mchenga kolowa mnyanja ndi kaphiri ka Mphande pamapeto pake, msewu ulipo wochokera ku Mzuzu koma ndi wotsetsereka moopsa ndipo nthawi ya mvula umavuta, nde anthu amadalirabe madzi. Ruarwe ndiye kulibiretu msewu wa galimoto, kufikako ndi pa boti kapena wapansi mnjira za mmapiri. Sitima ikalira hutala mudzi wonse umatsikira kugombe ngati tsiku la msika, ana kusambira kuzungulira maboti, amayi ndi mabeseni a nthochi ndi nsomba zootcha, achinyamata kudikira katundu wa magolosale, wina akulandira wodwala wochokera kuchipatala ku boma, wina akutsanzika mwana wopita ku sekondale. Sitima ikangochoka kumangoti zii, kumatsala phokoso la mafunde ndi mtsinje.

Ku Ruarwe mutha kutsika ikupita ku Chilumba nkugona, mawa lake imadutsanso pobwerera nkukutengani, ndi njira yabwino yolawira moyo wa kumeneko osaopa kutsalira. Malo ogona alendo alipo ochepa, osavuta, nyali za sola, kusamba mnyanja kapena mumtsinje. Usiku khalani pagombe muone asodzi a kauni akulowa mnyanja ndi nyali zokopera usipa, mzere wa nyali kutalika mpaka kumene maso alekera, mmawa mulawirire kukaona akukokera kumtunda, mugule wa mmbale imodzi akukazingireni. Netiweki ndi yovuta, pena mpaka ukwere kaphiri, nde auzirenitu akunyumba kuti mukhala osapezeka, ndipo tengani ndalama zogwirika zosinthasintha chifukwa Airtel Money kaya Mpamba sizingakuthandizeni pomwe foni siikugwira. Anthu ake amayankhula Chitonga ndi Chitumbuka koma Chichewa amamva, ndipo mukayamba ndi moni waulemu kwa akuluakulu musanatulutse foni kujambula, zitseko zonse zimatseguka. Musajambule anthu akusamba kapena kuchapa pagombe osapempha, pamenepo ndi pakhomo pawo.

Kumapeto ndi Chilumba mu Karonga. Ambiri amatsikira pamenepa nkutenga minibasi pa M1 kubwerera mmbuyo pang'ono mpaka Chitimba, pomwe pamayambira msewu wa Gorodi wokwera ku Livingstonia, makilomita pafupifupi 15 a makona 20 okhota kwambiri, kukwera kumbuyo kwa pikapu mtima uli mmwamba koma ukayang'ana kumbuyo nyanja yonse ili pansi pako. Ku Khondowe kumeneko ndi kumene Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni mu 1894 atachoka ku Bandawe, nyumba yake ya miyala ya Stone House ikadalipo ndipo muli zinthu zakale zoonetsa alendo, pali tchalitchi, chipatala cha David Gordon Memorial, nyumba za njerwa zofiira mmizere ya mitengo, ndi mathithi a Manchewe omwe madzi ake amagwa mamita 125, kuseri kwake kuli phanga lomwe anthu ankabisalamo nthawi ya nkhondo zakale. Kumazizira, juzi yomwe munaitenga ya padeki igwiranso ntchito kumeneko.

Nyengo isankheni bwino. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, mafunde amakula, sitima imagwedezeka ndipo amene sanazolowere amasanza, komanso kutsika mmaboti kumavuta, nde ngati ndi ulendo wanu woyamba kapena muli ndi ana ndi agogo dikirani Seputembala kapena Okutobala, kumatentha koma nyanja imakhala yogona. Nthawi ya mvula mapiri amakongola kwambiri ndipo mumaona tizilombo touluka ta nkhungu tikutuluka mnyanja mulu wakuda kutalika mpaka kumwamba, koma padeki mvula ikabwera ndi mphepo matiresi amanyowa. Tengani juzi ndi bulangete lopepuka ngakhale mu Okutobala, mphepo ya mbandakucha pamadzi imalowa mmafupa. Neti ya udzudzu yanuyanu, tochi, pawa banki, pepala la kuchimbudzi, mankhwala anu a masiku onse okwanira ndi masiku oonjezera. Posamba pewani malo a bango ndi madzi odikha pafupi ndi pochapira chifukwa nkhono za likodzo zimakonda mmenemo, ndipo mukabwerako ndi bwino kukayezetsa.

Chinthu china chomwe chimandiwawa ndi ife apaulendo. Munthu wamaliza chakumwa botolo ponyu mnyanja, jumbo ya chipisi ponyu, thewera la mwana ponyu, pamene madzi omwewo ndi amene anthu a ku Usisya ndi ku Chizumulu amamwa nkuphikira, ndipo nsomba zomwe tikuzitamazi zimakhala momwemo. Ndinamuuzapo mnyamata wina kuti achimwene botololo bwanji osasunga mukataye kumtunda, anandiyang'ana kaye kenako nkulibweza mthumba, nde nzotheka, tiyeni tizikumbutsana osachita manyazi.

Kodi ndi ulendo wa aliyense? Ayi. Ngati Lolemba 7 koloko mukuyenera kukhala mu ofesi zivute zitani, musadalire sitima pobwerera, konzani kuti gawo lomaliza likhale la pamsewu kuchokera ku Nkhata Bay kapena ku Chilumba ndipo musiye tsiku lapadera. Ngati muli ndi vuto la miyendo kapena mayi ali ndi pakati potopa, kukwera ndi kutsika mmaboti nkovuta, sankhani madoko aakulu okha. Ngati holide kwa inu ndi shawa yotentha ndi TV kuchipinda, loji za ku Mangochi zikukwanirani. Koma kwa banja la ana oti afika zaka za pulayimale, kwa achinyamata a ku koleji oyenda pagulu, kwa aphunzitsi pa tchuthi, kwa abale a ku Joni ndi ku UK obwera kudzaona kwawo nkumafuna kuonetsa ana awo dziko, ine ndikupereka nyenyezi zinayi ndi theka pa zisanu, thekalo ndasiyira mwera. Mitengo ya matikiti sindilemba chifukwa kwacha yathu mukuidziwa, imasintha, koma dziwani kuti imatengera kalasi ndi kutalika kwa ulendo, ndipo ngati bajeti ndi yothina yambani ndi chigawo cha Nkhata Bay kupita ku Likoma kapena Nkhata Bay kupita ku Ruarwe padeki. Ofuna kabini bukitsanitu nthawi ikadalipo makamaka mu Disembala, chifukwa nthawi imeneyo ana a pachilumba onse ogwira ntchito ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu amakhala akupita kwawo kukadya Khirisimasi ndipo malo amatha msanga.